Madamu Rula Asiya Mpando

Muholo munkatentha ngati mu uvuni, ndipo mkulu woyang'anira maphunziro m'chigawocho ankalankhula ngati wameza wailesi. Linali tsiku lopereka mphoto kwa ana ndi aphunzitsi amene achita bwino m'sukulu zonse za boma za kuderalo. Kutsogolo, pafupi ndi pulatifomu, kunali mipando yofewa ya aphunzitsi. Kumbuyo, pamabenchi olimba, makolo anali atathinana, akudzikupiza ndi zipewa.

Pamzere woyamba panakhala Madamu Rula, mphunzitsi wa masamu. Dzinali anawapatsa ndi ana asukulu chifukwa mayiwa, ngati rula yojambulira mizere, sankapindika, kaya poyenda, kaya popereka malikisi. Koma tsikuli tulo tinkawapinda ndithu. Makatani aatali ankafufuma pang'onopang'ono n'kuphwanso, ngati holoyo ikupuma. Dzuwa linkalowera m'mawindo apamwamba, fumbi n'kumayandama m'kuwalako, ndipo kwa Madamu zinkaoneka ngati choko chonse chimene anafufutapo pabolodi chabwerera kudzaonerera nawo.

Tsiku la mphoto linali ndi kachitidwe kake. Mwana wopambana akalandira satifiketi ankapatsidwanso duwa lofiira, n'kutsika nalo kukapereka kwa mphunzitsi amene anamuthandiza koposa. Duwa limenelo aphunzitsi ankalisirira kuposa mawotchi apakhoma amene ofesi inkawagawira, ngakhale palibe akanavomera poyera. Madamu Rula anali asanalandirepo n'limodzi lomwe. Ana amathokoza mphunzitsi wowaseketsa, wowawongola amadzamukumbukira atamera imvi.

Koma chaka chimenecho, amene anaposa onse pa masamu m'chigawo chonse anali mwana wawo wobereka okha, mmodzi yekhayo, yemwe anzake ankamutcha Kachala.

Dzina limeneli nalo linali ndi mbiri yake. M'kalasi ya amayi ake, chala cha mtsikanayu chinkangokhala m'mwamba, koma Madamu ankachilumpha ngati sakuchiona. Ankaopa pakamwa pa anthu, kuti angati akukondera magazi awo. Anamulera okha, bambo ake atamwalira iye akukwawa, ndipo ankamukonda moti mtima unkachita kuwawa. Koma chikondicho ankachisiya pageti pamodzi ndi ogulitsa maswiti. Mkati mwa sukulu anali Madamu basi.

Tsopano, zikope zitalemera, Madamu ankaona Kachala akutsika pulatifomu, mapazi osagunda pansi. Duwa lija linkakula m'manja mwake mpaka kufanana ndi ambulera, mthunzi wake wofiira n'kugwera pankhope za aphunzitsi onse. Linkabwera, kubwera, kulunjika pa iwo. Anali ataganiza kale kuti akaliumitsa pakati pa buku lalikulu la masamu.

"Madamu, mukulota chiyani?" ananong'oneza a Wezulo, mphunzitsi wa zamasewera amene anakhala pambali pawo. "Mwamwetulira, ine mpaka ndachita mantha."

"Ndikumvetsera, a Wezulo."

"Mutatsinzina?"

"Makutu sakhala m'maso."

Mkulu uja anatopa n'kukhala pansi, anthu n'kuwomba m'manja mothokoza kuti wamaliza. Kenako woyendetsa mwambo anayamba kuitana opambana. Dzina loyamba litangomveka, kumabenchi kunaphulika. Bambo wina, telala woyenda ndi tepi m'khosi ngakhale kuchisangalalo, anakwera pabenchi n'kukuwa, "Wanga ameneyo!" Pa dzina lachiwiri azakhali atatu anadzuka n'kuyamba kuvina popanda nyimbo. Pa lachitatu dalaivala wa basi anaponya chipewa m'mwamba, icho n'kukatera pamutu pa munthu wosamudziwa.

Madamu ankaonerera zonsezi ngati munthu amene sanadzukiretu, ndipo mwina n'chifukwa chake anaona chimene zaka zonsezi chinkawadutsa. Mwana aliyense akafika papulatifomu sankayang'ana satifiketi, sankayang'ananso mkulu womugwira chanza. Maso ankathamangira kumbuyo, kukasakasaka kumene mfuu yake ikuchokera, ndipo akakupeza nkhope inkayaka.

Zaka za m'mbuyomo Kachala analandirapo timphoto tating'ono m'holo yomweyi. Madamu anakumbukira mmene iwo ankawombera m'manja mwaulemu, nsonga za zala zokha, atakhala pampando wofewa. Anakumbukiranso kuti nayenso mwanayo ankayang'ana kumbuyo, kumabenchi kumene kunalibe wake aliyense. Nthawi zonsezo iwo ankaganiza kuti akuyang'ana wotchi ya pakhoma.

Tulo tonse tinabalalika. Chisoni chinawagwira, chamanyazi chomwe. Duwa limapita kwa amene ali pampando wofewa, koma pampando wofewa sakuwirapo. Mapanga awiri avumbwitsa. Anadzuka.

"Mukupita kuti?" anatero a Wezulo, akuwakoka mkono. "Wotsatira ndi wanutu! Duwa lanu lija mulisiyira ndani?"

"Ndikudziwa kuti ndi wanga," anayankha Madamu.

Njira ya pakati pa mipando inawatalikira ngati akuyenda m'madzi. Anadutsa m'kuwala kuja, fumbi likuwazungulira, ana asukulu akupinda miyendo mwamantha kuti Rula adutse. Kumabenchi kunkanunkha thukuta ndi sopo. Mayi wina wojintcha, wamanja okhakhala ndi ntchito yochapa, anasendera n'kuwasiyira kampata.

"Khalani apa, mayi mnzanga. Wanu ndi uti?"

Funso limeneli palibe amene anali atawafunsapo pasukulu. "Uyo wowondayo," anatero. "Akukwera masitepeyo."

"Ii, wokongola bwanji! Koma muzimudyetsa."

Dzina linatchulidwa. Aphunzitsi anawomba m'manja mwaulemu wawo uja, kumabenchi kuli zii. Kachala analandira satifiketi ndi duwa. Ulendo uno sanavutike n'kuyang'ana kumbuyo. Anayang'ana pamzere woyamba, n'kupeza mpando wa amayi ake uli wokha. Mapewa ake anagwa, duwa n'kuloza pansi.

Madamu anatsegula pakamwa, koma mawu anakana. Munthu woti ankatontholetsa kalasi yonse ndi kutsokomola kokha, lero analibe ngakhale kampweya.

Mayi wochapa uja anawagunda ndi chigongono. "Kuwani, mayi inu! Munabereka nokha, mukufuna akukuwireni ndani?"

Madamu anagwira phewa la mayiyo, nakwera pabenchi ndi nsapato zawo zazitali zomwezo.

"Wanga ameneyo! Mwana wangatu ameneyo!"

Mawuwo anatuluka osasa, osweka, opanda ulemu uliwonse. Holo yonse inacheuka. Ana asukulu anangoti kukamwa yasa. Telala uja, posafuna kuti mnzake akuwe yekha, anathandizira, azakhali atatu aja n'kudzukanso, mpaka mabenchi onse anagwedezeka chifukwa cha mwana amene sankamudziwa n'komwe.

Kachala anatukula mutu. Maso ake anayenda pamwamba pa zipewa mpaka anaima pa mayi wowongoka amene anali pabenchi, magalasi atapendekeka, misozi ili chuchuchu. Anatsika masitepe awiriawiri.

"Duwa kwa aphunzitsi, mwanawe! Aphunzitsi ali kuno!" anakumbutsa woyendetsa mwambo pamaikolofoni.

Mtsikanayo sanamve. Anapitirira mipando yofewa ali liwiro, ndipo amayi ake atangotsika pabenchi anawagwera pachifuwa. Duwa linaphwanyika pakati pawo, timasamba take tofiira n'kuyoyokera pansi, ndipo zoti likanapita kwa yani palibe amene anafunsa.

"Amayi," anatero Kachala, nkhope ataikwirira pakhosi pawo, "takuwaninso. Poyamba paja sindinakhulupirire kuti ndi inu."