Chitumbuwa cha Mchira

Pamsika wa ku Chawama, pakona pomwe maminibasi a m'tauni amaima, panali matebulo awiri a zitumbuwa oyang'anizana ngati akazi a pamitala. Lina linali la ba Felistus, linalo la ba Elesi. Ndiye chaka chija saladi, mafuta ophikira aja, inayamba kusowa m'masitolo, ba Kafula, tcheyaledi wa chipani pamsikapo, anatulukira atavala chitenje chawo cha kumisonkhano n'kulengeza kuti pakona pamangidwa shedi, ndipo malo a zitumbuwa akhala amodzi basi.

"Mwezi ukasila nizaona amene ali na banthu," anatero. "Winayo ayende kumbuyo, kuli ba kapenta."

Kumbuyo kwa ogulitsa kapenta, tinsomba touma tija! Uko ndi kufupi ndi zimbudzi, ntchentche zake zimachita kukulonjera. Ndani angagule chitumbuwa kumeneko? Ba Elesi ankadziwa bwino kuti pa awiriwo wokondedwa sanali iwo.

Nkhani inali pa mbasela, kaja amakuwonjezera ukagula. Ba Felistus ankapereka mbasela kwa aliyense, tsiku lililonse, ngakhale ugule chitumbuwa chimodzi chokha. Ba Elesi ayi, anali oumira, ndipo msika wonse unkadziwa. Koma dzanja lawo linali ndi vuto lake. Pogwetsera fulawa m'saladi, nthawi zina inkadontha n'kutuluka chitumbuwa cha mchira ngati mbewa. Kugulitsa choterocho ankachita nacho manyazi, ndiye ankangochiponya m'pepala la aliyense amene waima patsogolo, osanena kanthu. Tsiku lina michira itatu, mwina sabata yathunthu osaoneka ndi umodzi womwe.

Tsono azibambo ogulawo za dzanjalo sankazidziwa. Aliyense anali ndi nzeru zake.

Ba Blackson, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, analandira mchira kawiri atavala chipewa chawo chofiira, basi anatsimikiza kuti chinsinsi ndi chipewa. Dzuwa la Okutobala, thukuta lili kamukamu, chipewa cha ubweya chili pamutu. Ba Nason, oyendetsa wilibala, anaulandira tsiku limene anafunsa za mayi a ba Elesi. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankayamba ndi moni.

"Mwauka bwanji, ba Elesi? Nanga ba mai ku Malawi bali bwanji?"

"Bali bwino," ankayankha ba Elesi osadzutsa mutu. Chonsecho mayi awowo amakhala ku Matero, m'tauni momwemo, ndipo ku Malawi anachokako asanamere n'komwe mano.

Sabata yoyamba ya mpikisano, mzere wa ba Felistus unali wautali kuposa wa anzawo, ndipo ankaimba nyimbo za kwaya mokweza dala. Kenako saladi inasoweratu. Azimayi ankaima pamzere kusitolo kuyambira m'mawa n'kubwerako ndi sopo. Kabotolo kogula mobisa kanali kosakwana kanthu, fulawa nayo yovuta. Ba Felistus analeka mbasela. Ba Elesi nawo anayamba kunyowetsa sipuni m'madzi kuti fulawa izigwa bwinobwino, ndipo michira inatheratu.

Lolemba kwa ba Felistus kunabuka phokoso.

"Ba Felistus, mwaiwala mbasela."

"Kulibe, atate. Saladi yavuta."

"Ah, manje mwayamba kutidyela?"

Lachiwiri anthu anabweranso, anasuzumira m'mapepala, n'kutsonya. Pofika Lachinayi ambiri anali atasamukira kwa wowotcha chinangwa, uku akuuzana kuti ba Felistus asintha, ayamba matama.

Ba Elesi anangoti, mawa ndi ine. Koma ba Blackson anabwera, anagula, anatsegula pepala, anagwedeza mutu.

"Lelo yakana," anatero. "Mailo."

Mailo akewo, mawa lake, anabweranso. Mkucha wake anabwera atakwiya, ati akazi awo achapa chipewa chija ndipo mwayi wonse wapita ndi thovu. Anthu oyandikana nawo akuti mkangano wake unamveka mpaka kupompi. Ba Nason nawo anaganiza kuti moni wawo wafupika, ndiye anawonjezera amalume, azakhali, ndi mbuzi za ku Malawi zomwe. Ena amene anathawa kwa ba Felistus anamva mbiri ya mchira, nawonso anayamba kudzayesa.

Ba Felistus sanapirire. Anaima manja m'chiuno.

"Imwe ba Elesi, muikamo chani mu fulawa? Ine nawadyesa mbasela zaka zitatu, banithawa mu masiku yatatu. Imwe simupasa chilichonse, bali pano monga nkhuku!"

"Niikamo shuga chabe, mulamu," anayankha ba Elesi mofatsa. Koma mumtima nawonso anali odabwa.

Yankho analipeza kupompi madzulo a tsiku lomwelo. Pompi ya m'dera lawo ilibe nthawi: lero itulutsa madzi masana, mawa ingolira mphepo, mkucha itulutsa anthu ali kutchalitchi. Ba Elesi anali atapitako kachinayi tsiku limenelo, kukapotokola chabe n'kumvetsera. Ali chigwirire pompiyo anakumbukira ina ija ya kuseri kwa sukulu, imene inkatulutsa madzi tsiku ndi tsiku. Itauma, anthu anaisiya sabata yomweyo, pano pamera udzu. Anayang'ana dzanja lawo lili papompi youma, n'kuyamba kuseka okha mpaka mayi wina anawafunsa ngati ali bwino.

Komabe ngakhale pompi yonama imayenera kudontha kamodzikamodzi. Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, mzere wa ba Elesi unayamba kuwonda. Ba Nason moni unali utabwerera pa mayi okha. Ba Blackson anafika mochedwa pa njinga ya kasitomala, mutu uli pamtunda, chipewa atachisiya kunyumba.

"Nalema nazo," anatero. "Nipaseni viwili, kapena ni kosiliza."

Ba Elesi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mwendo umodzi wa buluku unali wopinda mpaka m'bondo kuopa tcheni cha njinga. Pamenepo anapukuta sipuni ija kuti iume, anatapa fulawa, n'kugwedeza dzanja dala. Chinatuluka chitumbuwa cha mchira wautali, wopiringizika kunsonga, chokongola kuposa michira yonse ya m'mbuyomo. Anachiponya m'pepala nkhope ili gwa, ngati sakudziwa chimene achita.

Ba Blackson atatsegula anakuwa ngati agoletsa chigoli. Anadzigwira kumutu, chipewa palibe. Anadziyang'ana thupi lonse, maso n'kukaima pabondo.

"Nason! Si chisote iyayi! Ni buluku!"

Lachisanu m'mawa ba Kafula anabwera kudzaweruza. Kwa ba Felistus anapeza anthu atatu, mmodzi mwa iwo mlamu wawo. Kwa ba Elesi mzere unafika pomwe amaima maminibasi: okonza njinga, a mawilibala, makondakitala, ngakhale mlaliki wina ndi jekete lake, aliyense mwendo umodzi wa buluku uli m'bondo. Ena anapinda wakumanja, ena wakumanzere, ndipo ankatsutsana kuti woyenera ndi uti.

Ba Kafula anaima kaye. Kenako anakokera ba Elesi pambali n'kunong'oneza.

"Ivi va mabuluku, ni lamulo ya chipani yamene sininamvele?"

"Kaya, ba tcheyaledi. Ine nigulisa chabe vitumbuwa."

Malo a mushedi anapatsidwa ba Elesi tsiku lomwelo. Ba Felistus ananyamula tebulo lawo kupita kwa a kapenta, akulankhula zambiri zoti sizingalembedwe.

Asanachoke, ba Kafula anagula zitumbuwa za tiyi. Anatsegula pepala, anafufuza ndi chala mpaka pansi.

"Nanga ine, wamene nakupasani malo, kulibe ka muchila?"

"Sivichita kuitanidwa," anatero ba Elesi, akunyowetsa sipuni yawo m'madzi. "Muyese mailo."

Loweruka ba Kafula anabweradi. Anaima pamzere ngati wina aliyense, akuyang'ana kumbali ngati akuyendera msika, chitenje chawo chitakwezedwa pang'ono mbali imodzi.