Katundu wa M'siling'i

Chitseko cha kuchipinda kwa amayi chinatsegukanso chokha Mzime ali mkati mosesa. Chinalira ngati wodwala akutembenuka, kenako fumbi loyera linathothoka m'siling'i n'kugwera pabedi.

Amayi sanadzidzimuke. Anangoika pansi nsalu yomwe ankasoka.

"Afika bambo ako. Ndi nthawi yawo ya nkhomaliro."

Chimwalirireni bambo, nyumba inayamba kulankhula. Dzuwa likafika paliwombo, malata atatentha, kudenga kunkamveka kuti the, the, ngati munthu akuthyola zala. Amayi ankayankha, mwina kuwauza amuna awowo za mitengo ya sopo. Mzime, yemwe anali chitsiriza m'banjamo, ankangotuluka panja.

Tsiku limenelo Mzime anaitana kalipentala wa nyumba yoyandikana nayo kuti akonze loko. Mkuluyo anatseka chitseko, chinatseguka. Anasuzumira felemu ya chitsekocho ndi diso limodzi, n'kunena kuti loko alibe mlandu, felemu ndiyo yapendekeka chifukwa china chake chikuikanikiza.

"Kumwambaku mukuwetako njovu, mphwanga? Kwera ukaone lero lomwe. Zengerezu analinda kwawukwawu."

Mzime anakwera makwerero n'kulowetsa mutu pachibowo cha siling'i. Munali motentha ngati mu uvuni, mukununkha girizi, fungo lenileni la manja a bambo ake. Atawalitsa foni anaona zida zawo zonse za umakaniko: majeke, bokosi la masipanala, giyabokosi yathunthu. Zonse zinaunjikidwa pakati pa mtanda umodzi, ndipo pamwamba pake panayalidwa ovolosi yawo, mikono ili tambasu. Mtandawo unali utapindika ngati uta. Kunsi kwake thabwa linali litayamba kung'ambika, ndipo kumapeto misomali inali itasololoka. Atauyika dzanja, unalira.

Anatsika n'kuwafunsa amayi za zidazo. Amayi sanabise. Anati anakweza zidazo sabata ya maliro, alamu awo atayamba kuyang'ana garaja ndi maso a fisi, ndipo palibe amene adzazitsitse iwo ali moyo.

Mzime anawafotokozera mofatsa. Anatenga ndodo ya tsache, n'kuisanjika pamipando iwiri, n'kuikanikiza pakati. Anati pamwamba pamafinyika, pansi pamakokeka, ndipo pokokekapo ndi pomwe pamathyokera. Anatinso muluwo uli ndendende pamwamba pa bedi lawo.

"Mtanda umenewo anauika okha bambo ako," anatero amayi. "Sungandigwere."

"Anauika kuti unyamule malata, amayi, osati garaja."

Kalipentala anatsokomola n'kunena kuti ali ndi mzati wochirikizira komanso chingwe, ntchito yake si yaikulu. Amayi sanamuyang'ane n'komwe. Anafunsa mwana wawo chapansipansi ngati, katunduyo akatsika, bambo adzapitirize kubwera. Mzime anafuna kunama, koma analephera.

"Phokosolo lidzatha," anatero.

"Ndiye musiyeni. Ndigona pompano."

Mzime anayang'ana siling'i yomwe inali itatuza mimba, kenako anayang'ana mayi ake. Anavula nsapato, nakwera pabedi, n'kugona chagada pakati penipeni, manja ali pachifuwa.

"Ngati sungakugwereni inu, sungandigwerenso ine. Kuyambira lero malo anga ndi ano."

Kumwambako china chake chinakhwekhwereka pang'ono, ngati chitsulo chikusuntha pathabwa, ndipo fumbi linamugwera Mzime kumaso. Sanaphethire.

"Dzuka apo, iwe."

Sanadzuke. Mtanda unaliranso, motalika, ndipo amayi anamugwira pamkono n'kumukoka ndi mphamvu zomwe Mzime sankadziwa kuti akadali nazo. Anamukokera mpaka pakhonde, ndipo ngakhale atafika pamenepo sanamusiye. Anapuma kaye, maso ali kudenga, kenako anatembenukira kwa kalipentala.

"Pitani mukatenge chingwe chanucho, achimwene. Koma muzitsitsa bwinobwino, chimodzichimodzi. Sankalola munthu kuponya zida zawo."