Masiwiti Anayi m'Kathumba

Bambo a mapasa anadzibaya jakisoni wa pamimba ali m'bafa, chitseko atakhoma, ngati kuti m'nyumbamo munali wina wosadziwa. Panali patatha masabata asanu ndi limodzi chiwauzireni dokotala kuti ali ndi shuga.

Loweruka limenelo linali la mayeso. Mpikisano wothamanga makilomita 42 unali utatsala masabata atatu, ndipo okonza ake ankafuna chikalata chosayinidwa ndi dokotala. Dokotalayo sanapsatire mawu. Athamange kaye makilomita 30, azidziyeza shuga, ndipo Lolemba abwere ndi kamakina koyezera kaja, poti kamasunga manambala onse. Akakhala bwino asayina. Akatsika kupyola 4, za mpikisano aiwale.

Akazi awo, amene ndi telala, anali atawasokera lamba wa kathumba ka zipi. Anaikamo kamakinako ndi masiwiti anayi.

"Idyani kaye buledi uyu, bambo. Mwabaya kale jakisoni."

"Wothamanga sadzaza mimba, mayi. Ndingasanze panjira."

Analuma kamodzi, kongowatseka pakamwa.

"Nanga anzanu aja mwawauza?"

"Ndiwauza lero."

Linali lero lachisanu ndi chimodzi. Amuna ena kuuma mutu amakuyesa mphamvu, ndipo bambo athuwa anali mtsogoleri wawo. Ankaopa kuti gulu likadziwa liyamba kuwagwira ngati dzira, mapepani mbali zonse, kenako n'kuwaponya kumbuyo kwa oyamba kumene. Munthu wa zaka 49, wowerenga mamita a madzi, amene wadzuka mbandakucha miyezi isanu ndi itatu, ameneyo achitiridwe chisoni? Anasankha kukhala chete, mtima uli m'mwamba.

Gululo linkakumana pa geti la sitediyamu ndipo linali ndi lamulo lake. Ankathamanga awiriawiri, ndipo wina akapempha kuima, mnzake asamve. Mnzawo wa bambo a mapasa anali mayi wina wophunzitsa masamu, amene onse ankangomuti Aphunzitsi. Lamulo limeneli iye ankalisunga ngati akuyang'anira mayeso.

Ananyamuka bwino. Anadutsa masitolo osatsegula, depoti ya mabasi, mlatho wodumpha njanji, n'kulowa msewu wautali wa kumafakitale. Bambo a mapasa sankaona zonsezi. Ankangomvetsera thupi lawo. Kuyabwa kulikonse, ludzu lililonse, ankadzifunsa ngati zayamba. Anafuna kudziyeza pa kilomita ya 15, koma akanatulutsa bwanji kamakina Aphunzitsi ali pambali pomwepo?

Pa kilomita ya 24 zinayambadi. Thukuta linasanduka lozizira. Milomo inachita dzanzi, ndipo mzere woyera wa mumsewu unakhala iwiri.

"Aphunzitsi, ndiime pang'ono."

"Ayi. Ndi khoma limenelo, akulu."

Othamanga onse amalidziwa khoma. Ndi pamene thupi limatopa n'kuyamba kukana, ndipo mankhwala ake ndi kupitiriza basi.

"Tonse timaligunda. Werengani mapolo a magetsi, khumi okha, muona lidutsa."

Anawerenga. Polo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Atafika pamenepo nambala yotsatira inasowa m'mutu. Munthu wodya za manambala tsiku ndi tsiku! Anapapasa kathumba kaja, koma zala zinangoterereka pa zipi ngati za mwini wake. Miyendo inayamba kupita kwake.

Aphunzitsi anawagwira chigongono n'kuwakoka. "Musandichititse manyazi lero. Tiyeni! Dzutsani mutu!"

Mayiyo ankachita zimene mnzako wabwino amachita, ndipo zinali kuwapha. Bambo a mapasa anazindikira kuti akachedwa pang'ono lilime nalo likana. Wobisa matenda maliro amamuulula, ndipo iwo maliro awo anawaona ali pafupi, pamsewu wa kumafakitale, atavala kabudula.

"Si khoma," anatero movutikira. "Shuga. Ndili ndi shuga. M'kathumbamu."

Aphunzitsi anaima njii. Kenako anawakhazika pa benchi ya pa siteji ya basi, n'kung'amba zipi ija. Anasenda masiwiti ndi mano, kuwaika m'kamwa awiri, kenako awiri ena. Anatulutsa kamakina, bambowo n'kumulozera ndi maso pobaya chala. Anadikira timasekondi tija, tonse tautali.

Panatuluka 2.8.

Patapita kanthawi mzere wa mumsewu unabwerera kukhala umodzi. Apa tsopano Aphunzitsi anakwiya.

"Chiyambire liti?"

"Masabata sikisi."

"Sikisi! Ndiye Loweruka lililonse ine ndakhala ndikukoka munthu wodwala? Mukanagwa apa ndikanakawauza chiyani mayi a mapasa? Kuti ndimakuwerengetsani mapolo?"

Bambo a mapasa anaweramitsa mutu. Manyazi analipo, koma maso awo anali pa kamakina kaja. Miyezi isanu ndi itatu yonse inali itathera m'tinambala tiwiri.

"Dokotala sangadziwe," anatero chapansipansi. "Ndikhoza kunena kuti kamakina kanagwera m'ngalande. Ndithamangenso Loweruka likubwerali, nditadya bwino..."

Aphunzitsi anawayang'ana monga amayang'anira mwana wogwidwa ndi likasa. Anatenga kamakinako n'kukaika m'thumba lake.

"Lolemba nthawi yanji?"

"Naini koloko."

"Ndipempha wina andigwirire kalasi. Tipita tonse."

Anzawo awiri a m'gulu lija anatulukira pakona, akuthamanga mofanana mapazi. Atawaona pa benchi anakuwa mosangalala, "Khoma limenelo, akulu! Dzukani!"

Bambo a mapasa anakweza dzanja kuti ayankhe nthabwala monga mwa masiku onse, koma anangolitsitsa. Anawayang'ana mpaka anachepera kutsogolo, kenako anapempha Aphunzitsi foni kuti ayimbire akazi awo adzawatenge.