Mmisiri Pansi pa Bedi

Dzina loti Msomali anawapatsa ndi anzawo a mumsewu wa amisiri, chifukwa anali aatali, owonda, ndiponso mutu wawo unali wophwatalala pamwamba ngati munthu wina anaukhoma kale. Eni ake sankadandaula nalo. Anali kalipentala, ndipo mbiri yawo inali pa mabedi. Mipando ankapanga chifukwa anthu amafuna pokhala, koma bedi ankalipanga ndi mtima wonse, ndipo ankadzitama kuti bedi la m'manja mwawo silidzutsa anthu a nyumba yoyandikana nayo.

Ndiye chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chathachi kunabwera mphepo yamkuntho imene inagwetsa denga la shopu yawo pamodzi ndi khoma lakumbuyo. A Msomali anathawira pansi pa tebulo lawo logwirira ntchito, ndipo tebulolo ndi limene linawapulumutsa. Anakhala pamenepo chagada, thabwa lili pafupi ndi mphuno, njerwa zitawazinga mbali zonse, mpaka anthu anawafukula dzuwa litapendeka. Kuchipatala anawapeza ndi mikwingwirima chabe. Aliyense anati ndi amwayi, iwonso anavomera.

Koma kuyambira tsikulo a Msomali sankathanso kulowa pansi pa chinthu chilichonse. Pensulo ikagwera pansi pa tebulo, ankaikoka ndi ndodo. Shopu itamangidwanso, anatulutsa zida zawo n'kumagwirira ntchito panja, pamthunzi wa mtengo, ndipo ofunsa ankawauza kuti m'kati mumatentha. Mabedi anasiya. Ankapanga timipando, mashelefu ndi zitseko, zinthu zimene munthu amamaliza ataimirira.

Musaganize kuti anali munthu womvetsa chisoni, ayi ndithu. Ntchito inalipo, tiyi wa mayi akunyumba ankafika pa nthawi yake, ndipo panjapo ankaona aliyense wodutsa n'kumuponyera nthabwala. Moyandikana nawo panali mnzawo wowotcherera zitsulo, a Magalasi, amenenso mphepo ija inawasiyira mwendo wotsimphina. Iwowa ankapita kuchipatala kukakumana ndi anzawo ena opulumuka, kumene mlangizi ankawalola kulankhula zakukhosi.

"Tiyeni tipitire limodzi, achimwene," ankatero a Magalasi. "Kulibe jakisoni kumeneko. Timangokamba."

"Ndikakambe chiyani? Ine ndili bwinobwino."

"Inunso mukudziwa kuti mutu umodzi susenza denga."

"Wangawu unalisenza tsiku lonse," ankayankha a Msomali, onse n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kunyumba nakonso nkhaniyi inkathera pakhomo. Banja lonse linagwirizana mwachikondi, koma molakwitsa, kuti bambo asamakumbutsidwe. Wailesi ikayamba kunena za nyengo, mayi ankaithimitsa n'kunamizira mabatire. Mlendo akati afunse za tsiku lija, ankapondedwa chala pansi pa tebulo. Ankawasunga ngati dzira, ndipo a Msomali ankaona zonsezi n'kumaganiza kuti mwina nkhani yawoyo ndi yolemera kwambiri moti palibe angaipirire. Choncho iwo ankakhala chete pomvera chisoni banja, banjalo lili chete powamvera chisoni iwo.

Tsiku lina m'mawa akupala thabwa, kunabwera kalipentala wa kumapeto kwa msewu, amene a Msomali ankamutcha Chigamba chifukwa chokonda kubisa zolakwa zake ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa mosaganizira kanthu.

"Akulu, bedi lija munapangira mwana wanu pa ukwati wake, mtanda wapakati munaulumikiza bwanji? Mkamwini wanu anandiitana kuti ndikalikonze. Ndinakaliona dzulo, koma sindinapeze pomasulira."

A Msomali anaika chopalira pansi pang'onopang'ono. Bedi limenelo analipanga ndi matabwa amene anawasunga zaka zambiri. Linali lalikulu moti analilumikizira m'chipinda cha mwana wawo momwemo, ndipo silikanatulukanso pakhomo. Mwana wawo wamkazi tsopano anali woyembekezera, masiku atayandikira. Ndiye kuti mwana wawo akugona pa bedi lothyoka, iwo ali moyo, ndipo wokakonza ndi Chigamba! Zinawapweteka kwambiri, kuposa mmene njerwa zija zinawapwetekera.

"Siya, ndikaliona ndekha," anatero.

Atapita kunyumba kukatenga chikwama cha zida, mayi anayesa kuwatsekereza. "Bambo akunyumba, si mwamva kale kuti lathyoka? Muuzeni Chigamba pomasulira, basi."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anayankha a Msomali. "Kodi inunso mumadziwa?"

Mayi anayang'ana kumbali. Ankadziwa kuyambira mwezi watha.

Mkamwini wawo anali wophika buledi, munthu wamkulu thupi, wofatsa, amene ankanunkhira ufa ngakhale atasamba. Ataona apongozi ake pakhomo ndi chikwama cha zida, anasowa poika manja. Mwana wawo anatuluka atagwira msana. Kuchipinda a Msomali anapeza bedi lawo litapendekera pakati, litachirikizidwa ndi njerwa ndi chitini cha penti.

"Apongozi, munalumphirapo kodi?"

"Ndinangokhalapo, bambo, pomanga nsapato," anatero mkamwini mwamanyazi.

"Ndiye kuti buledi wotsala mumamaliza nokha."

Ntchito yoyamba inali yosavuta. Anachotsa matiresi ndi matabwa ogonera, a Msomali n'kuima m'kati mwa bedi, denga la chipinda likuoneka patali. Mtanda wapakati unali utang'aluka pamfundo ya mtengo imene iwo sanaione poupanga. Anautulutsa, anadula wina, anaulowetsa, n'kumanga mabawuti. Manja awo ankakumbukira zonse, ndipo iwo anadzimva akuimba kanyimbo pansipansi. Atabwezera matabwa ndi matiresi, mkamwini anakhalapo mosamala. Bedi linalira kuti kwii.

"Aa, zimenezo n'zazing'ono, bambo," anatero mwana wawo mofulumira. "Lakhala bwino. Tiyeni mukamwe tiyi."

Koma onse atatu ankadziwa mmene a Msomali ankamalizira bedi. Sankalipereka asanagone pansi pake chagada, munthu wina atakhala pamwamba n'kumadzigwedeza, iwo akumvetsera ndi kupapasa mpaka atapeza pamene thabwa likukhulana ndi linzake. Ankati bedi limanama ukaliyang'ana pamwamba. Mwana wawoyu ali wamng'ono ndiye ankakhala pamwambapo, akulumphalumpha, ndipo malipiro ake anali siwiti.

A Msomali anagwada, anagona chagada pa simenti, n'kudzikankha ndi zidendene. Mutu unalowa, mapewa analowa. Matabwa atangofika pamwamba pa nkhope yawo, fungo la fumbi linawalowa m'mphuno, mtima unayamba kugunda ngati hamala, ndipo mpweya unakana kutsika pakhosi. Anatuluka mothamanga mpaka kugunda chipumi pa thabwa lam'mbali. Anakhala pansi atatsamira khoma, malaya atanyowa ndi thukuta.

Mwana wawo anathamangira kukhitchini kukatenga madzi, kumenenso kunali kuthawa kuti asaone bambo ake ali choncho. Mkamwini anatsala. Ulemu ukanafuna kuti ayang'ane kumbali ngati sanaone kanthu. Koma mwina chifukwa sanakulire m'banjamo, lamulo la kukhala chete lija sankalidziwa bwino. Anadzitsitsa n'kukhala pansi pambali pa apongozi ake, miyendo atatambasula.

"Bambo, kodi pansi pa tebulo paja panali bwanji?"

Chichitikireni ngoziyo, palibe anali atawafunsa funso limeneli. A Msomali anayang'ana mkamwiniyo kwa kanthawi, akufunafuna nthabwala yothawira, koma sinabwere. M'malo mwake kunabwera mawu ena.

"Kunali mdima, apongozi. Madzi ankadontha pakhutu langa ili, osatha kutembenuka. Ndinkamva anthu akuyenda pamwamba panga, akuitana dzina langa. Ine kuyankha, mawu osatuluka, fumbi litadzaza m'kamwa. Kenako ndinamva wina akuti mwina anapita kwawo, tiyeni tikafufuze kwina. Anachokadi." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Pamenepo ndiye pamene ndimabwererapo nthawi zonse. Osati kugwa kwa denga ayi. Mapazi aja akuchoka."

Mwana wawo anali ataima pakhomo ndi kapu ya madzi, misozi ikutsika. Sanabwerere kukhitchini. Analowa, anawapatsa madziwo, n'kukhala pa mpando. A Msomali anapitiriza kufotokoza, zina mobwereza, zina mosalongosoka: mmene anawerengera misomali ya pansi pa tebulo ndi chala, mmene anaganizira kuti sadzaona mdzukulu, ndi manyazi amene amamva pokoka pensulo ndi ndodo anthu akuona. Palibe anawauza kuti limbani mtima, kapena kuti zinapita zimenezo. Anangomvetsera.

"Ife timaopa kukukumbutsani," anatero mwana wawo.

"Kukumbutsa munthu amene sanaiwale? Mwana iwe, ine ndimadzuka nazo, ndimadya nazo." Anaseka pang'ono, ndipo anadabwa kumva kuti pachifuwa papepukako. "Amayi ako atha mabatire angati pa bodza lija la wailesi?"

Onse anaseka, misozi ikadali m'maso. Mkamwini anapita kukatenga buledi wa m'mawa womwewo, ndipo anadyera pansi pomwepo, pambali pa bedi, ngati anthu osamuka. A Msomali anadya magawo awiri akuluakulu. Anati mawa akawauza a Magalasi kuti awadikire popita kuchipatala kuja, akaone ngati n'zoona kuti kulibe jakisoni.

"Bedili likhoza kudikira, bambo," anatero mkamwini. "Kapena ndilowe ine, inu muzindiuza."

"Inu mukalowa pamenepo tidzafunika kugumula nyumba kuti tikutulutseni. Komanso khutu lanu ndi la uvuni." Anayang'ana mpata wa pansi pa bedi kwa nthawi ndithu. Mantha anali akadalipo, sanapite kulikonse. Koma anaganiza za mwana wawo akutembenuka movutikira pa bedi lolira, ndi za khanda limene lidzagona pamenepo. "Tichite chonchi. Tsegulani zenera ndi chitseko. Inu apongozi mugwire mwendo wanga uwu, musausiye. Ndikati kokani, mukoke, osafunsa. Iwe ukhale pamwamba ngati kale. Koma muzilankhula, ndizimva kuti mulipo."

"Tizilankhula chiyani?"

"Chilichonse. Kanganani za dzina la mwana."

Anakumbukira zimene a Magalasi anawauzapo, kuti mantha akakugwira uzitulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati ukuuzira utuchi pa thabwa. Anauzira kawiri, n'kugona chagada. Dzanja la mkamwini, lofunda ndi lolemera, linagwira pa kakolo. Analowa mpaka pachifuwa, anapuma, n'kulowanso. Pamwamba pawo mwamuna ndi mkazi anayamba kukangana, wina akufuna dzina la agogo, wina akuti dzina limenelo ndi la munthu wokalamba kale.

Kenako mwana wawo anakhala pa matiresi. Matabwa anatsikira ku nkhope yawo pang'ono, ndipo mtima unayambanso kuthamanga. Mawu oti kokani anafika pa lilime. Anauzira mpweya, anasuntha chala cha kuphazi, dzanja lija n'kufinya poyankha. Bedi linati kwii, cha kumanzere, pafupi ndi kumutu. A Msomali anatambasula dzanja n'kuyamba kupapasa m'mphepete mwa thabwa.

Mkangano wa pamwamba unatha. Mwana wawo anawerama, ndipo mawu ake anamveka pafupi.

"Bambo, muli bwanji pansipo?"

"Ndikuchita mantha, mwana wanga," anayankha a Msomali. "Koma usadzuke. Gwedezekanso pang'ono, ndatsala pang'ono kupapeza."