Njinga Ziwiri za Jimu

Jimu atamwalira anasiya mkazi, ana awiri ndi njinga zamoto ziwiri. Imodzi inali yofiira, yonyezimira, ya chaka chaposachedwapa. Inayo inali ya mtundu womwewo koma yakale, thanki yake yosupuka ngati chitini chothirira kudimba, chishalo chake chomangidwa ndi mphira.

Tsiku losudzula, abale a Jimu anakwera ku Dambe kuchokera ku Lisungwi kudzagawa katundu. Sosten, mng'ono wake wa malemuyo, anaizungulira yofiira ija, kuisisita pathanki, n'kunena kuti imeneyi ndiye ibwerere kumtundu, chiphakasa chinacho atsale nacho mlamu. Apa Esnart, mkazi wamasiyeyo, anadzutsa mutu n'kuwauza zoona zake. Anati mwamuna wake anasinthanitsa mainjini. Fulemu ya njinga yatsopano inali yachitsulo chopyapyala ndipo inkalira ikasenza matumba a kachewere pamsewu wa Dambe, choncho Jimu anachotsa injini yake yamphamvu n'kuiika mu fulemu yakale, yomwe sinkadziwa kupindika. Injini yotopa anaikankhira mu yofiira, yongopitira kutchalitchi.

Koma ndani amamvera mkazi wamasiye pabwalo lotere? Amafuna aziyang'ana pansi, akafunsidwa azingoti eya. Azakhali ake a Jimu anatsonya, amvekere mwamuna sanazizire n'komwe m'manda, uyu wayamba kale mabodza ofuna kutsala ndi chokongola. Anthu anaseka. Esnart anangoonerera pamene yofiira inkatsika phiri ikufuka utsi wabuluu umene aliyense anachita ngati sakuuona.

Chiphakasa chija n'chimene chinayamba kudyetsa ana. Jimu anali atamuphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira, anthu akuloza, iye osasamala. Tsopano ankamanga yekha matumba n'kutsika nawo ku Neno boma, chitenje atachikwinyira pamwamba pa buluku la malemu. Popanda njinga imeneyo, kachewere wake akanadikira mavenda obwera ndi lole, aja amatchula mtengo akutafuna nzimbe, osakuyang'ana kumaso.

M'mawa wina nyengo yokumba ili pakati, Esnart akukoka chingwe pathumba, anaona anthu awiri akutulukira wapansi kuseri kwa nkhokwe. Patsogolo panali Sosten, malaya atamatirira pamsana ndi thukuta. Pambuyo pake panali Tikondane, makanika wa paboma, atapachika chikwama cha masipanala paphewa. Esnart ataona chikwamacho anadziwa kuti sanabwere kudzaona ana.

Anawayalira mphasa monga mwa mwambo. Moni anapatsana wautali, kufunsana za azakhali ndi za mvula, koma maso a Sosten anali panjinga. Potsiriza anatsokomola n'kunena kuti wabwera kudzatenga injini ya mbale wake. Anati pabwalo paja anapatsidwa njinga yatsopano, ndipo njinga yatsopano imayenda ndi injini yake. Yakaleyo abweretsa akaimasula.

"Alamu," anatero Esnart, "tsiku lija ndinanena kapena sindinanene?"

Sosten anapitiriza kuyang'ana njinga.

"Ndinanena pamaso pa anthu, inu n'kumaseka. Lero mabodza anga aja mwabwera kudzawamasula ndi sipanala?"

Esnart anadzuka pamphasa. Anaimirira pakati pa njinga ndi amuna aja, chingwe chili m'manja, n'kuwauza kuti wofuna injini ayambe wamasula iyeyo. Anakumbutsa Sosten kuti iye ndi abale ake anatenga matiresi, wailesi, mpaka mabulangete amene ana ankafunda, iye osatsegula pakamwa. Koma ichi ayi. Tikondane, yemwe anauzidwa kuti zonse anagwirizana kale, anakanda m'mutu n'kupempha kuti amulole angoyang'ana, osakhudza bawuti ngakhale limodzi. Esnart anapatuka pang'ono, chingwe osachitaya.

Makanika uja anagwada, napukuta fumbi ndi chala. Kenaka anaitana Sosten kuti adzaone yekha. Anamufotokozera kuti njinga ziwirizi ndi za kampani imodzi ndithu, koma opanga anasuntha pomangira injini chaka chimene anatulutsa yofiira. Kuti injini yatsopano ikhale mu fulemu yakale, Jimu anadula khutu lake lakumwamba, kachitsulo kamene bawuti imalowamo, n'kuwotcherera chogwirira china pafulemu. Khutulo linapita. Injiniyo ikabwerera mu yofiira idzalendewera mbali imodzi, ndipo pabampu yoyamba idzang'amba fulemu kapena kutaya munthu. Anati iyeyo sangagwire ntchito imeneyo, safuna maliro ena m'banja lomweli.

Esnart anadikira kuti tsopano Sosten anene zotenga njinga yonse, ndipo yankho anali atalinola kale. Koma Sosten anangokhala chogwada. Chala chake chinkayenda pachowotcherera chija, chotupatupa ngati chisa cha mavu.

"Awa ndi manja a achimwene," anatero motsitsa mawu. "Chiyambire kale sankatha kuwotcherera bwino. Koma zawo sizinkathyoka."

Atatero anayamba kulankhula ngati munthu amene wathawidwa ndi manyazi. Anati anasiya ganyu wonyamula katundu pa Lisungwi podalira kuti yofiira imusandutsa wakabaza. Njinga ikaona chitunda imatsokomola n'kuzima, wokwera n'kutsika kumamuthandiza kukankha. Pasiteji anzake anamupatsa dzina loti Chiutsi, ndipo amayi amakana kukwera poopa kununkha oilo. Ngakhale lero yakana phiri, aisiya kumunsi pafupi ndi mlatho. Mkazi wake ali woyembekezera. Sananene kuti pepani, koma chipewa anali atachivula.

Esnart anamuyang'ana. Mkwiyo unalipo, sunapite kulikonse. Koma munthu wogwada apoyo anali ndi khosi la Jimu, makutu a Jimu, ndi kapendekedwe komweko ka mutu akasowa chochita. Anaponya chingwe pathumba n'kulowa m'nyumba.

Anatuluka ndi chitini cha mkaka wa ana chimene ogawa katundu aja anachikankha ndi phazi poganiza kuti muli misomali. Munali pisitoni ndi maringi ake, zokulungidwa m'nsanza yamafuta. Jimu anagula kuti adzatsitsimutse injini yakale ija akakolola, koma matenda anafika msanga kuposa zokolola. Tikondane anaitembenuza pisitoniyo padzuwa n'kugwedeza mutu: ya chaka chakale, yolowa ndendende mu injini imene ili mu yofiira. Anati akaiika imeneyi utsi utha, ndipo zitunda za ku Lisungwi izikwera, bola asaisenzetse ngati bulu.

"Kwa ine n'zopanda ntchito, sizilowa mu injini yangayi," anatero Esnart akumupatsira Sosten chitinicho. "Koma mukapita mukawauze azakhali kuti sindinaname. Mukawauze pagulu, ngati mmene anandinenera."

Sosten analandira ndi manja awiri n'kuvomera kuti akanena.

Dzuwa linali litakwera, ndipo msika sudikira. Esnart anamasula thumba limodzi n'kulitsitsa kuti papezeke malo. Tikondane anati iye atsalira, ali ndi kasitomala kufupi ndi chipatala cha Dambe, Sosten amupeza kumlatho komwe anasiya yofiira. Sosten anaima akuyang'ana kampata kotsala pachishalo, kenaka anayang'ana amayi amene anali atasonkhana kale pamjigo, zidebe zili pansi.

"Mukwera kapena muyenda wapansi, alamu?"

Anakwera. Esnart anaponda kamodzi, injini ya Jimu n'kuyankha ndi mawu ake onse. Anatsetsereka kudutsa pamjigo paja, mlamu ali kumbuyo, dzanja lina litagwira thumba, lina litakumbatira chitini pachifuwa, pisitoni ikugogoda m'katimo pabampu iliyonse.