Jekete ya a Vitus

Esitele anakhuthula sutikesi ya bambo ake kachitatu. Malaya awiri oyera, buluku la chigamba pabondo, kolona, chipewa chodyedwa ndi makoswe m'mphepete. Anasuzumira pansi pa bedi, anasuntha ndi thumba la mtedza lomwe, kenako anatuluka pakhonde thukuta lili kamukamu, chonsecho unali m'mawa wa mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa.

"Achimwene, jekete ya ababa ili kuti? Yabulawuni ija?"

Lovemore, mchimwene wake wamkulu, ankasema mpini pansi pa mtengo wa mango. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ili kwa a Goliati."

"A Goliati ati?"

"Adzukulu aja. Amene anatsogolera kokumba manda. Anaivala tsiku la maliro, n'kumayenda ngati ababa, kuyankhula ngati ababa. Anthu anaseka mpaka amayi a kwaya anasiyira nyimbo pakati."

"Anaseka? Bokosi lili pomwepo?"

"Nanga adzukulu ntchito yawo si yomweyo? Kukhala kutali kwakuiwalitsa eti?"

Esitele sanaiwale. Ankadziwa bwinobwino kuti pamaliro adzukulu amatenga chovala cha malemu, kuchivala, n'kumamuyerekeza kuti anamfedwa apumeko polira, ndipo chovalacho sichibwerera mpaka achibale akachiwombole. Iye yemwe anasekapo pamaliro a anthu ena. Koma awa sanali anthu ena. Awa anali a Vitus, bambo ake.

A Vitus anamwalira Lolemba madzulo. Uthenga unamupeza Esitele ku Chitipa komwe amaphunzitsa, ndipo ananyamuka m'bandakucha. Basi ija, tsoka lake, inakafera pa Jenda, n'kukhala pamenepo tsiku lathunthu, dalaivala akungoti "pompano, pompano". Pamene ankatsika pa kabaza Lachitatu madzulo, anakumana ndi amuna akuchokera kumanda, makasu ali paphewa. Kuyambira tsiku limenelo sanakhazikike. Ankati akakhala pamphasa, wadzuka. Ankasesa posesa kale. Misozi inkakana, tulo tinkakana, ndipo chimene chinkamuopsa kwambiri n'chakuti mawu a bambo ake sankawamvanso m'mutu. Nkhope ankaiona, koma ikatsegula pakamwa kunali zii. Lero linali Loweruka, masiku amene anapempha kusukulu anali atatha, ndipo masana anayenera kukakwera minibasi pa Kamwendo. Ankafuna kunyamula jekete ija basi, mwina fungo lake likanamubwezera kanthu.

"Ndipo inu munangoyang'ana, achimwene? Munthu akusewera ndi ababa?"

"Ukanakhalapo ukanawaletsa," anatero Lovemore.

Mawu amenewo anamulasa. Lovemore naye anazindikira kuti wapitirira, anayamba kusema mpini uja mwamphamvu ngati wamulakwira.

Azakhali awo, a Stelia, mlongo wa malemu, anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje.

"Musakangane pabwalo la maliro inu. Iwe Esitele, gwira nkhuku yachitsotso iyo upite nayo. Kwa adzukulu sapita chimanjamanja."

"Ndiwombole jekete ya bambo anga omwe, azakhali? Ndi nkhuku yawo yomwe? Ayi ndithu."

"Kuuma mutu ngati malemu! Pita, akakuseke."

Anapita. A Goliati sanali pakhomo, akazi awo anati ali kudimba, kutsidya kwa dambo. Kanjira kake kanali kakang'ono, udzu wautali utagwera mbali zonse, mame ali mbwee. Esitele anangodutsa mwaukali, ndipo pofika kudimba chitenje chinali chitanyowa mpaka m'chiuno, chikumata m'miyendo, nsapato zikulira madzi.

A Goliati anali bambo wamfupi, wa mano otalikirana. Ankathirira mpiru ndi kheni, atavala jekete ya a Vitus pamwamba pa kabudula wong'ambika. Manja a jekete anali atawapinda kawiri.

"Aa, amayi aphunzitsi! Takulandirani. Nanga nkhuku mwaibisa kuti? Kapena ikubwera pambuyo pa basi?"

"A Goliati, sindinabwerere nthabwala. Vulani jekete."

"Kuzizira konseku? Mukufuna mukumbenso manda ena? Nanga akumbe ndani, poti wokumba ndi ine?"

"Mukuthirira nayo mpiru! Jekete imene ankapita nayo kutchalitchi!"

A Goliati anamuyang'ana Esitele, anaona maso ouma aja, n'kutsitsa kheni pansi. Nthabwala anaisiya.

"Pepani, mayi. Tengani. Nkhuku ndidzakambirana ndi a Lovemore."

Anayamba kumasula batani. Koma kaya chinali chizolowezi cha masiku atatu amenewa, kaya anachita dala, asanavule anakhosomola kaye kawiri, mwaufupi, n'kukoka kolala ndi zala ziwiri.

Esitele anangoti njo, osaphethira.

"Dikirani. Chitaninso."

"Chiyani, mayi?"

"Chimene mwachitacho. Ndi zonse zimene munachita tsiku lija. Ine kunalibe, a Goliati. Aliyense anatsanzikana nawo, ine ndekha ayi."

A Goliati anakanda kumutu. Kuyerekeza munthu pagulu n'kosavuta, anthu amakuthandiza ndi phwete. Koma pamaso pa mwana wake yekha, pakati pa mabedi a mpiru? Anamanganso batani lija. Anapinda msana pang'ono, dzanja lamanzere anaika kumbuyo, lamanja anakweza kukhutu ngati wagwira foni, ndipo anakuwa ngati akuitana munthu ali kutsidya la mtsinje.

"Halo! Esitele! Wadzuka? Wadya? Chabwino, dula, mayunitsi akutha!"

Mayo ine! Anali iwowo. Mawu okhuthala aja, okwera kumapeto, a munthu amene sankakhulupirira kuti kafoni kakang'ono kangafikitse mawu ku Chitipa popanda kukathandiza. Esitele anagwira pakamwa.

A Goliati anali atatenthedwa tsopano. Anayenda pakati pa mabedi akukoka mwendo wamanja, anaima, anasuzumira mpiru wawo womwe n'kupukusa mutu.

"Uwu ndi mpiru uwu? Goliati, iwe dimba lakukana. Kalime manda basi, kumeneko ndiye sizifuna feteleza."

Kenako anakhala pachitsa ngati pabenchi la m'tchalitchi, anapinda manja, mutu unayamba kugwa pang'onopang'ono, n'kudzidzimuka: "Amen!" Anayang'ana uku ndi uku. "Sanamalize kulalikira abambo? Aa, ndiye ine ndamaliza."

Esitele anaseka. Anaseka mpaka anagwada m'matope, atagwira m'mimba, akupempha kuti asiye. Ndipo pakati pa kusekako chinthu china chinamasuka pachifuwa, phwete lija linasanduka kulira, kulira kwenikweni kwa mwana wamasiye, kofuula, kopanda manyazi. "Ababa ine! Ababa, ndinachedwa!" Anawasowa bambo ake mpaka m'mafupa. A Goliati sanamutonthoze. Anangokhala pachitsa paja, maso ali pansi, mpaka anatopa yekha.

Dzuwa linali litakwera pang'ono. Esitele anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, koma poti nacho chinali chonyowa sizinathandize, ndipo onse awiri anasekanso.

"Ndizipita. Minibasi ingandisiye."

"Jekete?"

"Muivale kaye mpaka kunyumba. Mukatengeretu ndi nkhuku yanu, azakhali asandinene."

A Goliati anasolola ndodo pampanda wa dimba. Anakhosomolanso kawiri.

"Tiye iwe, uchedwa!"

Analowa m'kanjira kaja patsogolo, akukoka mwendo, n'kuyamba kukwapula udzu. Phwa kumanja, phwa kumanzere, madontho akuuluka padzuwa. Atayenda pang'ono anacheuka, akuyankhula ndi mawu awo enieni.

"Apa ndiye anthu anagwa pansi ndi phwete tsiku lija. Munthu wamkulu, m'mawa uliwonse popita ku Misa ku Guilleme, kumenyana ndi udzu njira yonse! Ife tinkati a Vitus ali ndi mlandu ndi udzu, unawalakwira ali mwana."

"Sankamenyana ndi udzu, a Goliati."

"Nanga?"

"Ankagwetsa mame. Ine ndinkayenda pambuyo pawo popita kusukulu. Yunifolomu inali imodzi, ikanyowa ndinkakhala nayo m'kalasi ndikunjenjemera mpaka masana."

A Goliati anaseka pang'ono, posakhulupirira.

"Aa, mayi, inu sukulu ya kuno munamaliza kalekale. Iwo mwezi wathawu womwe anali akukwapulabe."

Esitele zimenezo sankazidziwa. Anaima, anayang'ana kanjira kaja mmene kankakhotera kulowera kumudzi, kudutsa kuseri kwa nyumba ya a Goliati.

"Ana anu amadzera njira iti popita kusukulu?"

A Goliati anayang'ana ndodo ili m'manja mwawo, anayang'ana manja a jekete opinda kawiri aja. Kenako anatembenuka, sanakhosomole, sanakokenso mwendo, anangoyamba kukwapula udzu mosamala, uku ndi uku, osasiyako tsinde ngakhale limodzi.

Esitele anawatsatira pambuyo, m'njira youma.