Mmalawi mu Timu ya Africa

Aliyense amene anasamukapo nyumba ku Lucan amawadziwa a Overstone. Anafika ku Dublin ndi kachikwama kamodzi atazungulira Joni, Dubai ndi Leeds, koma lero ali ndi mavani osamutsa katundu olembedwa dzina lawo mbali zonse, ndipo pamsonkhano akawapatsa maikolofoni amakana, amati mawu awo ndi okwana. Amalawi sanavutike kuganiza woti akawaimire mu komiti yosankha timu ya ragibi ya atsikana a ku Africa okhala ku Ireland, yoti ikasewere ndi kalabu ina pa chikondwerero ku Citywest. Za ragibi a Overstone sankadziwa kanthu, ngakhale chifukwa chimene mpira wake unaumbidwira ngati papaya. Koma kuwerenga mbendera ankatha.

Kochi wa timuyo, mayi wa ku Cape Town dzina lake Ursula, atatchula osewera ake pa msonkhano wa komitiyo mu holo ina, a Overstone anadzuka mwamphamvu mpaka mpando unagwa chagada. A ku South Africa analipo asanu ndi anayi, a ku Zimbabwe anayi, a ku Kenya awiri.

"Nanga Mmalawi ali kuti?" anafunsa m'Chingerezi chawo chogunda ngati ng'oma. "Timu ikatchedwa ya Africa, Africayo azioneka. Apo ayi ingoitchani ya Joni ndi anansi ake!"

Mayi Lister, oimira anthu a ku Zambia, anawakoka jekete. "Imwe ba Overstone, nkhalani pansi. Naise tilibe munthu, manje muniona nilila?"

"Inu musalire, mayi, ndilira ndine mokomera tonse."

Ursula sanatekeseke. "Ine ndimaona kaseweredwe, pasipoti sindiyang'ana. Ngati muli ndi Mmalawi, abwere Loweruka kudzayesedwa. Akandigometsa, wina amupatsa malo."

"Ndili naye!" anatero a Overstone akudziguguda pachifuwa. "Mtsikana woti akathamanga udzu umagona."

Analibe. Anatuluka mu holomo mutu ukuwira, poti mawu akatuluka sabwezeka, ndipo nkhaniyo inali itafika kale pa gulu la Amalawi la pa foni. Lamulungu, Misa itatha ku Crumlin, anaima pakhomo la tchalitchi n'kumayeza anthu ndi maso ngati wogula ng'ombe. Ndipamene anamuona Monalisa akuwerama kuti asagunde maluwa opachikidwa pakhomo. Anali mtsikana wa ku Mchinji wophunzira za kadyedwe ku yunivesite, wamtali ngati mlongoti, ndipo kwawo ankatchuka pa ntchemberembaye.

"Ankolo, ragibi ine ndimangoionera pa foni," anatero atamva pempho lawo.

"Mpira ndi mpira, mwanawe. Ine vani yoyamba ndinaigula ndisanadziwe msewu ndi umodzi womwe wa mu Dublin."

Monalisa anaseka, kenaka anawayang'ana. "Ndipita. Koma akanditenga pongofuna mbendera, jeziyo mukavala ndinu."

Loweruka kunali kamvula kaja kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa. A Overstone anafika atakulunga mbendera ya Malawi m'khosi, mayi Lister ali pambali pawo ndi ambulera. Masewero oyeserera atangoyamba, wina anamenya mpira m'mwamba kwambiri. Monalisa anadumpha n'kuuwakha ndi dzanja limodzi, bwalo lonse linati "Aaa!" A Overstone anali atatsegula kale kukamwa kuti adzitame.

Koma mtsikanayo atatera anangoti chilili. Phazi limodzi analikhomera pansi, linalo likuzungulira, mpira uli pamwamba pa mutu, maso akusaka mnzake woti amuponyere. Pa ntchemberembaye wogwira mpira sayenda nawo, ndipo thupi lake silinaiwale. Kutsogolo kwake kunali poyera, njira yoti ngakhale vani ikanadutsa.

"Thamanga!" anakuwa a Overstone. "Thamanga, mwana wa eni!"

Mtsikana wina wa ku Zimbabwe, wojintcha ngati thumba la chimanga, anafika n'kumugwetsa m'matope, khu! Monalisa anadzuka akuyang'ana woimbira, manja atatambasula, kudikira kuti wolakwayo alangidwe pomukhudza. Woimbirayo anangomukodola kuti azisewera. Mpira wotsatira anauponya bwino zedi, molunjika ngati muvi, koma kutsogolo, chinthu choletsedwa pa ragibi. Wezulo analira.

Mayi Lister anaseka mpaka ambulera inagwa. "Ba Overstone, uyu ndiye wogoneka udzu uja? Wagona ni eve!"

Pa nthawi yopuma Monalisa anabwera akupukuta matope m'makutu. "Miyendo ikukana, ankolo. Moyo wanga wonse wezulo ankandilirira ndikasuntha, lero akundilirira ndikaima."

A Overstone mtima unawagwa. Anaona kale nkhope za Amalawi ku tchalitchi, ndi mauthenga oseka amene akanadzaza foni. Anapita mozemba kwa Ursula, mawu aja atachepa ngati a mwana wopempha shuga. "Kochi, ngakhale pa benchi pokha. Angovala jezi, dziko lioneke..."

"Ankolo!" Monalisa anali kumbuyo kwawo. "Tinagwirizana chiyani?"

Koma Ursula sankawamvera n'komwe. Maso ake anali pa manja a mtsikanayo. Timu yake inali ndi nthenda imodzi: mpira ukatuluka kunja, n'kuponyedwa m'mwamba pakati pa mizere iwiri ya osewera kuti aulimbirane, nthawi zonse unkapita kwa adani. Anaitana atsikana awiri amphamvu, n'kuuza Monalisa kuti aime pakati pawo ndi kudumpha mpira ukabwera.

Palibe anamuuza kuti amunyamula. Atangodumpha, awiriwo anamugwira ntchafu n'kumukankhira kumwamba.

"Mayo ine! Nditsitseni!" anakuwa ali m'malere. Koma manja anagwira ntchito yawo okha. Mpira anauthyola ngati bango pamtengo, n'kuugwetsera kwa mnzake pansi asanatere. Ursula anati abwereze. Anaika wodumpha wake wakale kuti alimbane naye, kenaka awiri, koma onse ankangogwira mphepo. Apa panalibe kuthamanga, panali kudumpha, kuwakha ndi kupereka msanga, ntchito imene Monalisa anakulira.

"Kuthamanga ndimuphunzitsa ndekha," anatero Ursula. "Manja awa sindingawapeze kwina. Akuyamba nawo masewero."

A Overstone anavula mbendera m'khosi n'kuthamanga nayo m'mbali mwa bwalo, nsapato zawo za ku Italy zikumira m'matope. Atabwerera akupuma wefuwefu anapeza mayi Lister atamugwira Monalisa pamkono.

"Iwe mwana, kwanu ni kuti?"

"Ku Mchinji, anti, kufupi ndi malire. Agogo anga aakazi ndi a ku Chipata."

"Basi ni wathu! Ba Overstone, Zambia nayo yalowa mu timu."

"Aaa, mayi, mbewa yokumba ine inu mungofika ndi mchere?"

"Mchere ndiye ukometsa."

Anakangana mpaka kamvula kanasiya. Anaweruza ndi Monalisa mwini wake: pa jezi yake pasokedwe mbendera ziwiri, mkono uliwonse yake. A Overstone anakanda chibwano, n'kuvomera mwaulemu wa munthu wamkulu, pokhapokha ya Malawi ikhale kumanja, dzanja lofika pa mpira poyamba. Kenaka anatulutsa foni n'kuyamba kufunafuna basi yoti idzanyamule Amalawi ndi a ku Zambia limodzi kupita ku Citywest, ndipo woyendetsa amene anayankha anachita kutalikitsa foniyo kukhutu.